Kenzaburo Oe ndi opulumuka ku Hiroshima: kodi analira kuposa anamfedwa?

Tiyanjane: Moni nonse pagulu pano. Mwezi uno inali nthawi yanga yosankha buku, ndiye ndinasankha Hiroshima Notes la Kenzaburo Oe. Ena mwandidandaulira kale kumbali kuti ndakusenzetsani mtolo wolemera. Pepani, koma sindibweza. Kwa amene simunalipeze: Oe anali mlembi wa ku Japan, anabadwa mu 1935 m'mudzi wa Ose, mkati mwa nkhalango za pachilumba cha Shikoku, ndipo anamwalira mu Malichi 2023 ali ndi zaka 88. Mphotho ya Nobel analandira mu 1994. Bukuli si nthano ayi. Ndi malipoti omwe analemba poyendera mzinda wa Hiroshima kuyambira mu Ogasiti 1963. Ankatuluka m'magazini ya Sekai, kenako anawasonkhanitsa kukhala buku mu 1965. Funso lomwe landikhala pakhosi nali: bomba la nyukiliya la America likugwa pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945, Oe anali mwana wa zaka 10, ali kwawo kumudzi, tsidya lina la nyanja. Sanapse, moto uja sanauone ndi maso ake. Mphamvu zolankhulira anthu amene anapsa anazitenga kuti?

Madalitso wa ku Joni: Achemwali, mwatiyamba ndi maliro Lolemba m'mawa. Ine ndafika pakati. Kunena zoona, masamba oyambirira aja ananditopetsa. Ndimayembekezera moto ndi mitembo, koma ndikungopeza andale akulimbirana maikolofoni.

A Chisale: Madalitso mwana wanga, masamba akutopetsawo ndiwo khomo la buku lonse. Mu 1963 ku Hiroshima kunali msonkhano wachisanu ndi chinayi wa dziko lonse wotsutsa mabomba a nyukiliya, ndipo bungwe lomwe linkauyendetsa linali likung'ambika pakati. Soviet Union itayambiranso kuyesa mabomba ake mu 1961, a chipani cha Socialist ndi mabungwe a apantchito anati tidzudzule dziko lililonse loyesa bomba. A chipani cha Communist anati ayi, bomba la Soviet silingafanane ndi la America. Kuwonjezera apo, pa 5 Ogasiti chaka cha 1963 chomwecho, America, Britain ndi Soviet Union anasainirana pangano ku Moscow loletsa kuyesera mabomba mumlengalenga ndi m'madzi. China inakwiya nalo, ndipo nthumwi za China ndi za Soviet Union zinadzanyozerana ku Hiroshima komweko. Tangoganizani, pabwalo pomwe panafera anthu, sabata yokumbukira akufa. Oe anapita kukalemba za msonkhano umenewo. Nayenso unamutopetsa ngati mmene wakutopetsera iwe, ndiye anachokapo n'kulowera kuchipatala cha odwala matenda a bomba. Buku lenileni layambira pamenepo.

NaMbewe: Ndi kuchipatalako kumene ine ndinagwidwa mtima, mwina chifukwa ndine namwino. Dr Fumio Shigeto anali atangofika kumene ku Hiroshima kudzagwira ntchito pachipatala cha Red Cross, masiku ochepa chabe bomba lisanagwe. Linamupeza ali pafupi ndi siteshoni ya sitima, akupita kuntchito, nthawi ili 8:15 m'mawa. Anadzuka ali magazi okhaokha n'kuyamba kuthandiza ovulala pomwepo. Mumzinda monsemo madokotala 9 mwa 10 aliwonse anali atafa kapena kuvulala, anamwino chimodzimodzi. Omwe anatsala ankapaka anthu opsa thupi lonse mafuta ndi mankhwala ofiira aja a pachilonda, basi. Kenako kunayamba zachilendo: munthu wopanda bala ndi limodzi lomwe, tsitsi kuthothoka, nkhama kutuluka magazi, timadontho tofiirira thupi lonse, masiku angapo wapita. Shigeto anapeza kuti mafilimu a X-ray omwe anali otsekeredwa bwinobwino m'chipatalamo awonongeka onse. Apo m'pamene anazindikira kuti ili silinali bomba la moto chabe, linali ndi cheza cholowa mkati mwa thupi. Pofika kumapeto kwa 1945 anthu pafupifupi 140,000 anali atafa ku Hiroshima kokha. Patapita zaka zingapo, omwe ankaoneka ngati achira anayamba kubwera ndi khansa ya m'magazi, iye n'kumalemba m'kaundula mmodzimmodzi.

Ine ndagwirapo usiku m'wodi mulibe magolovesi, dripi yatsala imodzi, odwala ofunika dripiyo atatu. Koma matenda ndinkawadziwa dzina, mankhwala ake ndinkawadziwa, kungoti kunalibe. Bamboyu ankachiza matenda omwe sanalembedwe m'buku lililonse.

A Chisale: Muwonjezerepo za ABCC, mayi.

NaMbewe: Eya, zimenezo zimandiwiritsa magazi. Aamereka anatsegula bungwe limeneli, lofufuza zotsatira za bombalo, mu 1947, pambuyo pake n'kumanga maofesi paphiri la Hijiyama. Ankatumiza galimoto kukatenga opulumuka, kuwavula, kuwayeza, kuwatenga magazi, kuwajambula, n'kuwabweza kwawo osawapatsa chithandizo. Ntchito yawo inali kufufuza, osati kuchiza. Boma la Japan nalo linatenga zaka 12 kuti likhazikitse lamulo loyamba lothandiza opulumuka pa zachipatala. Linabwera mu 1957.

Mai a Yamikani: Zikomo a NaMbewe. Koma pali chimodzi chomwe nonse simunachitchule, ndipo kwa ine ndicho fupa la nkhaniyi. Mu Juni 1963, miyezi iwiri Oe asanapite ku Hiroshima, mkazi wake Yukari anabereka mwana wamwamuna ali ndi chotupa chachikulu kumutu, chigaza chili ndi mpata. Madokotala anati popanda opareshoni mwanayo sakhalitsa, ndipo akamuchita opareshoni adzakhala wolumala ubongo moyo wake wonse. Oe anali ndi zaka 28, wotchuka kale, poti mphotho ya Akutagawa, mphotho yaikulu ya alembi ku Japan, anaipata mu 1958 akadali pa yunivesite ya Tokyo. Anasiya khanda m'chipatala, iye ulendo wa ku Hiroshima. Mwini wake anavomera poyera kambirimbiri kuti ankathawa. Atakhala pansi ndi Dr Shigeto, n'kumva mmene ankachizira anthu osadziwa n'komwe ngati achira, manyazi anamugwira. Anabwerera ku Tokyo, mwanayo anachitidwa opareshoni, ndipo anakula naye m'nyumba imodzi mpaka imfa ya bamboyo. Dzina lake ndi Hikari.

Madalitso wa ku Joni: Ehee! Amayi, mwandipatsa chipolopolo. Ndiye kuti bamboyu anapita kukadzichiza yekha ndi zilonda za eni ake. Anthu apsa, akufa ndi khansa, iye akuti zikomo mwandilimbitsa mtima, n'kulembapo buku, n'kudzalandira Nobel. Kumeneko n'kulira kuposa anamfedwa, maso ali pa nsima ya pamaliro.

Tiyanjane: Mada, funso langa ndi lomwelo, koma iwe walinola mopitirira. Chomwe chandiletsa kumuweruza choncho n'chakuti mlandu umenewu anauika yekha m'buku, kumayambiriro kwenikweni. Muli kalata ya wopulumuka wina, mwana wa dokotala wa ku Hiroshima, yodandaula kuti anthu ambiri a mumzindawo amafuna kukhala chete mpaka imfa. Amafuna moyo wawo ndi imfa yawo zikhale zawozawo, osati azisandutsidwa umboni wa pamsonkhano kapena chuma cha alendo ongotulukira pa 6 Ogasiti. Oe kalatayo sanaibise. Anavomera kuti opulumuka ali ndi ufulu wokhala chete, ngakhale woiwala kumene. Koma anati akunja, omwe sanapse, ufulu umenewo alibe. Mmene ndamumvera ine, sakuyankhulira opulumuka. Akukalipira anzake a ku Tokyo, omwe mu 1964 anali kalikiliki ndi masewera a Olympic ndi sitima zaliwiro, pofuna kuti dziko lione kuti Japan yachira.

A Chisale: Ndipo mnyamata amene anayatsa muuni wa masewerawo, Yoshinori Sakai, anabadwa pa 6 Ogasiti 1945 m'chigawo cha Hiroshima. Anamusankha dala. Wamiyendo yolimba, wopanda chipsera. Nthawi yomweyo mumzindamo munali amayi azipsera zokhuthala kumaso omwe ankadzitsekera m'nyumba zaka ndi zaka. Amenewo ndiwo Oe ankawafunafuna.

Koma ndiyankhe Madalitso. Eni ake analemba, ndipo analemba msanga. Tamiki Hara bomba linamupeza ali m'chimbudzi, n'chimene chinamupulumutsa, ndipo nkhani yake yotchedwa Summer Flowers inatuluka mu 1947. Yoko Ota analemba City of Corpses chaka cha 1945 chisanathe, pa timapepala tilitonse tomwe akanapeza, akuopa kuti afa asanamalize. Koma kuyambira Seputembala 1945 Aamereka, omwe ankalamulira Japan, ankaunika chilichonse chosindikizidwa, ndipo za bomba sizinkadutsa mophweka. Buku la Ota linatuluka mu 1948 litadulidwa, lathunthu mu 1950. Hara anadzipha mu 1951, nkhondo ya ku Korea ili mkati, pulezidenti wa America Harry Truman atanena kale kuti bomba likhoza kugwiranso ntchito. Chonsecho akadaulo ena a zolembalemba ankawanyoza alembi amenewa, ati zimenezi si luso, ndi madandaulo chabe. Ota mpaka ankamunena kuti akugulitsa bomba. Ndiye taona mwana wanga: mwini maliro akalira akuti akudyerapo, mlendo akalira iwe ukuti akudyerapo. Alire ndani?

Madalitso wa ku Joni: Alire mwini wake, bambo. Ife timvetsere.

Chimwemwe: Ndalowa mochedwa, ndinali pamzere wa mafuta. Mada, ngati ukufuna mwini wake, funa Kyoko Hayashi. Anakulira ku Shanghai, anabwerera ku Nagasaki mu 1945, ndipo pa 9 Ogasiti, tsiku lomwe bomba lachiwiri linagwa mumzindawo, anali mtsikana wa zaka 14 wogwiritsidwa ntchito pa fakitale ya zida ya Mitsubishi. Anakhala zaka 30 asanatulutse nkhani yomwe inamupatsa mphotho ya Akutagawa mu 1975. Ali ndi kankhani kafupi, The Empty Can, ka mtsikana amene sukulu itatsegulidwanso ankabwera tsiku lililonse ndi kachitini, n'kukaika padesiki. Munali mafupa a makolo ake. Ndiye funso: kankhani kameneka ine ndinakapeza kuti? M'buku la nkhani za bomba lomwe anasonkhanitsa ndi Oe yemweyo, linatuluka m'Chingerezi mu 1985. Muli Hara, muli Ota, muli Hayashi. Dzina lake lalikululo analigwiritsa ntchito kunyamula eni ake kuti afike kwa ife.

Madalitso wa ku Joni: Chabwino, apo wapata chigoli chimodzi.

NaMbewe: Mlendo wina ndi Masuji Ibuse. Iyenso sanali mumzinda tsiku limenelo, anali kumudzi kwawo m'chigawo chomwecho. Koma buku lake Black Rain, la 1966, ambiri amati ndilo linaposa onse. Analitsamiritsa pa dayale ya wopulumuka weniweni, Shizuma Shigematsu. Nkhani yake si ya moto kwenikweni, ndi ya ukwati. Mtsikana Yasuko akukhala ndi achibale omwe akumulera. Mwamuna aliyense wobwera kudzafunsira mbeta akangomva mphekesera yoti mtsikanayu anali ku Hiroshima, sabweranso. Bambo womulerayo akukopera dayale usiku ndi usiku kuti akaonetse ankhoswe akuchimuna kuti mwanayu anali kutali ndi pomwe linagwera. Koma pokoperapo zikutulukira kuti mvula yakuda ija, yomata ngati phula, inamugwera ali m'boti. Kenako akuyamba kudwala, n'kumabisa.

Amene tinali akuluakulu m'ma 1990 zimenezi tikuzidziwa. Ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, tinkanong'onezana pamjigo kuti uja ali nako kaja, mbale yake tiziika payokha. Ku Japan anthu ankakhulupirira kuti matenda a bomba ndi opatsirana, kapena kuti mkazi wotero adzabereka opunduka. Ambiri anakana kukatenga kabuku ka boma kowazindikiritsa kuti ndi hibakusha, kutanthauza opulumuka ku bomba, ngakhale kanali kolipirira chipatala, kuopa kuti ana awo asowa banja.

A Chisale: Ndinene chinthu chomwe mwina sichikomera ena. Malemu bambo anga anali msilikali wa KAR, gulu lankhondo la Britain lotchedwa King's African Rifles. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, nyengo ya mvula, akumenyana ndi Ajapani omwewa. Ankatiuza za matope ofika m'mawondo, misundu, malungo, ndi anzawo omwe anawakwirira m'nkhalango popanda ndi mtanda womwe. Kunyumba kunali bokosi lawo lachitsulo, mkati muli jasi ndi mamendulo, ndipo mwana akaligwira ankaona zakuda. Uthenga wa bomba unawapeza ali pa kampu ku India, akudikira kubwezedwa kunkhondo. Anati anavina usiku wonse. Mpaka imfa yawo ankati bomba lija ndilo linawabweza kumudzi amoyo. Ndiye ine ndikamawerenga Oe, ndimawerenga ndi mitima iwiri. Ajapani sanali nkhosa. Funsani a ku Nanjing, funsani Akoreya, funsani akaidi omwe anamanga njanji ya ku Burma.

Tiyanjane: Zikomo bambo potiuza zimenezi. Ine ndikuona kuti Oe akanakuvomerezani. Ali mwana, aphunzitsi ankawafunsa m'kalasi kuti mfumu yaikulu ikakulamula kuti ufe, utani? Yankho lovomerezeka linali lakuti ndifa, ndidzitumbula pamimba. Pa 15 Ogasiti 1945 anamva mfumu ija, yomwe ankaiyesa mulungu, ikulengeza kugonja kwa Japan pa wailesi ndi mawu a munthu wamba. Kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso. Mu 1970 analemba Okinawa Notes, momwe ananena kuti asilikali a Japan anakakamiza anthu wamba a ku Okinawa kudzipha m'magulumagulu mu 1945. Mu 2005 mkulu wina wakale wa asilikali ndi m'bale wa mkulu wina anamusumira. Khoti la ku Osaka linagamula mokomera Oe mu 2008, ndipo khoti lalikulu linatseka nkhaniyo mu 2011. Polandira Nobel ku Stockholm ananena poyera za nkhanza zomwe dziko lake linachitira mayiko a ku Asia. Chaka chomwecho boma litafuna kumupatsa mendulo ya Order of Culture, yomwe imaperekedwa ndi mfumu, anakana, ati sazindikira ulamuliro wina woposa demokalase. Mu 2004 anali mmodzi mwa oyambitsa gulu loteteza ndime 9 ya malamulo a dziko lawo, yomwe imaletsa Japan kuchita nkhondo.

Chimwemwe: Ndipo pakati pa opsa ku Hiroshima panali Akoreya zikwi zambiri, ena otengedwa mokakamiza kudzagwira ntchito. Chipilala chowakumbukira chinakhala kunja kwa paki ya mtendere, tsidya la mtsinje, mpaka 1999 pamene anachilowetsa mkati. Bomba silinasankhe kuti uyu ndi wolakwa, uyu ndi kapolo wa wolakwayo.

A Chisale: Zimenezo sindikutsutsa. Ndikungoti bambo anga anavina, ndipo sindingawadzudzule.

Kondwani: Ine ndili ndi dandaulo lina ndi bamboyu, ndipo likukhudza ife. Ndawerenga A Personal Matter, la 1964, lomwe analemba nthawi imodzi ndi malipoti a Hiroshima aja. Mwini nkhani, Bird, mkazi wake ali pa matenda kuchipatala, iye ali m'sitolo kugula mapu a Africa. Africa ndi maloto ake othawirako udindo. Mulibe munthu mu Africa ameneyo, ndi mapu chabe. Ndiye nkhani yomwe inamupatsa Akutagawa, Prize Stock, ndi ya msilikali wakuda wa ku America amene ndege yake yagwa pafupi ndi mudzi. Anthu akumutsekera m'chipinda chapansi, msampha wa nguluwe uli kumiyendo, ana akumusamala ngati chiweto chosowa. Ndinawerenga mano ali gwa.

Tiyanjane: Ndinamvanso chimodzimodzi, achimwene. Koma amene akuona msilikaliyo ngati nyama ndi mwana wa m'mudzimo, ndipo mudziwo nawo anthu a m'tauni amauona ngati wa zinyama. Pamapeto pake bambo a mwanayo akupha msilikali uja ndi chikwanje, n'kuphwanyira kumodzi dzanja la mwana wawo yemwe. Oe sakuyamikira mudziwo ayi.

Kondwani: Sakuyamikira, koma msilikaliyo sanapatsidwe ngakhale dzina. Ine pamenepo sindisuntha.

Mai a Yamikani: A Kondwani, za mapu ndikumvani. Koma ndiloleni ndiliteteze bukulo kumbali ina. Gulu lino ambiri mukudziwa kuti Yamikani wanga anabadwa movutikira, anachedwa kulira, ndipo mpaka lero sayenda. Mabuku ndi maulaliki onse omwe ndinakumana nawo ankandiuza kuti mwana wotere ndi dalitso, ndizimwetulira. Palibe anandiuza kuti kudzakhala usiku wina, mwana akulira kosalekeza, msana ukuwawa ndi kubereka, pomwe mumtima mudzadutsa ganizo lomwe sungaliuze ngakhale mayi ako okubereka. Bird amagwirizana ndi dokotala kuti khandalo azilipatsa madzi a shuga m'malo mwa mkaka wokwanira, kuti lifooke lizipita. Amamwa, amakabisala kwa chibwenzi chake chakale. Ndinamuda kwambiri, koma ndinalira, chifukwa kanali koyamba kuona munthu atalemba ganizo lija osalipaka mafuta. Pamapeto amakalitenga khandalo n'kuvomera opareshoni. Mlembi wina wotchuka wa ku Japan, Yukio Mishima, ananyoza mathero amenewo, ati ndi okoma mopitirira. Mishima sanasinthepo thewera la mwana wa zaka 12.

Mu 1964 momwemo Oe analembanso nkhani ina, Aghwee the Sky Monster, momwe bambo amalola khanda kufa, kenako mzimu wake sumuchoka. Njira zonse ziwiri anaziyenda pa pepala. Kwa ine, munthu amene anaima pamphambano imeneyo si mlendo kwenikweni m'chipatala cha Dr Shigeto. Sanapse, inde. Koma ankadziwa kusamala munthu amene sadzachira.

NaMbewe: Amayi, mwanena zomwe ife a yunifolomu timalephera kunena.

Madalitso wa ku Joni: Pepani amayi ngati nthabwala yanga ya nsima ija inakulasani. Mwanayo zinamuthera bwanji?

Mai a Yamikani: Sinandilase, Mada. Hikari anafika zaka 6 osayankhula. Makolo anaona kuti amatchera khutu mbalame zikamalira, ndiye anamugulira malekodi a kulira kwa mbalame, momwe muulutsi amatchula dzina la mbalame iliyonse ikatha kulira. Ankamvera tsiku lonse. Tsiku lina ali kutchuthi kumapiri, bambo atamunyamula paphewa m'nkhalango, mbalame inalira, ndipo mwana uja anatchula dzina lake ndi mawu enieni a muulutsi uja. Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba. Pambuyo pake anaphunzira piyano n'kuyamba kupeka nyimbo zake. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1992 ndipo chinagulidwa kwambiri. Koma musaitenge ngati nkhani ya chozizwitsa. Khunyu silinamusiye, maso ndi ofooka, ndipo bambo ake ankadzuka usiku uliwonse kukamufunditsa bulangete akachokera kuchimbudzi, kwa zaka makumi angapo. Ana ambiri ngati iyeyu sapeka nyimbo. Wanga sapeka.

Kondwani: Poti tatchula Africa, ndiponyepo ichi. Africa weniweni analimo m'bomba lija, osati wa pa mapu a Bird. Yureniyamu yambiri yomwe Aamereka anagwiritsa ntchito popanga mabomba oyamba inachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, nthawi ya Abelijiyamu. Mkulu wa kampani yoyendetsa mgodiwo ya Union Minière, Edgar Sengier, anali atatumiza kale matani oposa 1,000 a miyalayo ku New York mu 1940, n'kuisunga m'nyumba yosungira katundu ku Staten Island. Amene ankakumba ndi kusankha miyalayo ndi manja anali Akongo, popanda chodzitetezera. Amenewo mlembi wawo ndani? Ine kwathu ndi ku Karonga. Mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo mu 2025 anauyambiranso. Yathuyi akuti ndi ya magetsi, osati ya mabomba. Komatu Oe, ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima itachitika mu 2011, anayenda m'misewu ya Tokyo ali nkhalamba, kutsogolera zionetsero zoti magetsi a nyukiliya omwewo atsekedwe.

Chimwemwe: Achimwene, pamenepo mwatsegula nkhani ina. Ine magetsi akuzimazima chonchi sindingayambe kunyoza gwero lililonse la magetsi. Tiisungire tsiku lake.

Kondwani: Ndaisunga, koma sindiiwala.

NaMbewe: Tisanabalalike, pali malo amodzi m'buku la mwezi uno pomwe ine ndinasiyana naye Oe. Akusimba za mnyamata amene bomba linamupeza ali ndi zaka 4. Atakula anapezeka ndi khansa ya m'magazi. Madokotala anaigonetsa kwa kanthawi, ndipo iye m'malo mogona kudikira imfa anakalowa ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, n'kupeza chibwenzi, n'kutomera. Patatha zaka ziwiri matenda anabwerera, anamwalira. Mtsikana uja, wa zaka 20, wobadwa nkhondo itatha kapena ikutha kumene, anabwera kuchipatala kudzathokoza madokotala ndi anamwino, atanyamula mphatso ya tiagwape tiwiri tadothi. Anatsanzika bwinobwino. M'mawa mwake anamupeza atadzipha. Oe akulemba za mtsikanayu mwaulemu waukulu, ngati kuti anasenza udindo womwe boma linaukana. Ine ayi. Ndikuona mwana wosweka mtima amene panalibe womugwira dzanja. Anamwino aja analandira mphatso, osaona kuti uku n'kutsanzika. Ndikadakhala mmodzi wa iwo, tiagwape timeneto sindikadatha kutiyang'ana.

Tiyanjane: Pamenepo inenso ndinaima nthawi yaitali. Mawu omwe Oe amabwereza m'buku lonse ndi ulemu wa umunthu, ndipo amene amamutcha munthu weniweni wa ku Hiroshima ndi wonga Shigeto: wosataya mtima, komanso wosadzinamiza ndi chiyembekezo chopitirira, wongodzuka m'mawa n'kukagwira ntchito ya tsikulo. Ndiye mtsikana uja sakukwanamo bwino m'chithunzi chimenecho. Ndikuganiza kuti Oe ankaopa kumuweruza, poti iye ndi wakunja, ndiye anapitirira mbali inayo n'kumuveka nkhata yamaluwa.

A Chisale: Mwina. Komabe anamulemba. Akanapanda kutero, bwenzi ife lero tikukangana za andale a maikolofoni aja basi. Mtolankhani wa nyuzipepala ya Chugoku Shimbun, Toshihiro Kanai, amene Oe amamutchula kwambiri, ankafunsa kuti dziko limalidziwa bomba chifukwa cha mphamvu zake, kapena chifukwa cha masautso a anthu? Ine ndaphunzitsa mbiri ya dziko zaka zambiri, ndipo m'silabasi munali deti, dzina la ndege ndi kugonja kwa Japan. Tiagwape tadothi munalibe.

Chimwemwe: Oe anamwalira chaka chimodzi ndi theka bungwe la opulumukawo, Nihon Hidankyo, lisanalandire Nobel ya mtendere mu 2024. Linakhazikitsidwa mu 1956. Mu 2025 chiwerengero cha omwe ali ndi kabuku kaja chinatsika koyamba kufika pansi pa 100,000, ndipo ambiri apitirira zaka 80.

Madalitso wa ku Joni: Ndiye kuti pofika pano boma linawalipira onse, nkhani inatha?

NaMbewe: Inathera kuti? Mvula yakuda ya m'buku la Ibuse ija inafika mpaka kukhoti. Mu 1976 boma linajambula mzere pa mapu, n'kunena kuti mvula yoopsa inagwa mkati mwa mzerewu, ndipo okhawo a mkatimo ndiwo angapimidwe ulere n'kulandira kabuku akadwala.

Madalitso wa ku Joni: Mvula inafika pamzere wa boma n'kuima yokha?

NaMbewe: N'zomwe anthu a kunja kwa mzere anakhala akufunsa zaka 40. M'midzi ina mzerewo unkatsata mtsinje, tsidya lino alandira, tsidya ilo ayi, chonsecho ana a mbali zonse anabwera kunyumba tsiku lomwelo malaya ali bii. Mu 2015 anasumira. Khoti la ku Hiroshima linagamula mokomera anthu 84 mu Julayi 2020, boma linachita apilo, linagonjanso mu Julayi 2021, ndipo nduna yaikulu Yoshihide Suga inati basi, sitipitiriza. Ena mwa odandaulawo anamwalira mlandu uli mkati. Ndondomeko yatsopano inayamba mu Epulo 2022, koma ndi ya ku Hiroshima kokha. A ku Nagasaki omwe anali kunja kwa mzere wawo anawasiya panja, ndipo khoti la kumeneko mu 2024 linangovomera 15 mwa odandaula 44.